Kodi Kutentha Kumatsalira Pati? Mbiri ya Funso la Jeffrey Rauch

M'chaka cha 1974, pa msonkhano wa akatswiri a masamu womwe udachitikira pa yunivesite ya Tulane mumzinda wa New Orleans ku America, Jeffrey Rauch wa ku yunivesite ya Michigan adapereka ganizo looneka losavuta. Tengani chitsulo chopyapyala, monga chidutswa cha lata, chodulidwa mwa maonekedwe alionse. Chitenthetseni malo ena, kenaka chikuteni bwinobwino kuti kutentha kusatuluke kapena kulowa, kaya pamwamba, pansi ngakhale m'mphepete. Pakapita nthawi yaitali chitsulo chonse chidzafunda mofanana. Koma kufanana kumeneko kusanakwanire, padzakhalabe malo amodzi ofunda kuposa ena onse, ndi malo ena ozizira kuposa onse. Rauch adati malo awiriwo amasendera m'mphepete mwa chitsulocho, sakhazikika pakati.

Munthu akamva ganizoli amavomereza msanga. Kutentha kwa pakati kuli ndi njira zothawira mbali zonse, pomwe kwa pangodya kuli ngati nyumba ya kumapeto kwa mudzi, komwe uthenga umafika pomalizira. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Papita zaka zoposa 50 tsopano. Ganizoli latsimikizika pa maonekedwe ena, lagwa pa ena, ndipo pa maonekedwe wamba ngati a dzira losalingana mbali zake palibe amene wapereka umboni wokwanira mpaka lero.

Mchenga wa Chladni ndi lamulo la Fourier

Funso la Rauch lili ndi makolo ake. Mu 1787 Ernst Chladni, Mjeremani wobadwira ku Wittenberg yemwe adaphunzira zamalamulo koma mtima wake uli pa zoimbaimba, adasindikiza buku lofotokoza zomwe adaona atawaza mchenga pa mbale yafulati n'kukhukhuza uta wa vayolini m'mphepete mwake. Mbaleyo ikayamba kulira, mchenga unkathawa malo onjenjemera kwambiri n'kukaunjikana m'mizere momwe mbale sinkagwedezeka konse. Liwu lililonse linali ndi chithunzi chake: pena mtanda, pena nyenyezi, pena mizere yozungulira. Cha m'ma 1808 Chladni adafika ku Paris, ndipo Napoleon atadzionera yekha, bungwe la akatswiri a sayansi la kumeneko lidalengeza mphoto kwa amene angafotokoze zithunzizo ndi masamu. Sophie Germain, mayi wodziphunzitsa yekha masamu chifukwa sukulu zapamwamba za nthawiyo sizinkalandira akazi, adayesa katatu n'kupata mphotoyo mu 1816.

Zaka zomwezo Joseph Fourier, yemwe adali bwanamkubwa wa chigawo cha Isère ku Grenoble, ankalimbana ndi nkhani ina, ya kayendedwe ka kutentha m'zinthu zolimba. Adapereka zolemba zake zoyamba mu 1807, akuluakulu monga Lagrange adazikayikira, ndipo buku lake lalikulu lidatuluka mu 1822. Lamulo lake tingalinene motere: malo alionse pa chitsulo amayang'ana anansi ake owazungulira. Ngati ali ofunda kuposa anansiwo tikawaphatikiza pamodzi, amazizira. Ngati ali ozizira kuposa iwo, amafunda. Kusiyanako kukakula, kusinthanso kumafulumira.

Chachikulu chomwe Fourier adaona n'chakuti kagawidwe kalikonse ka kutentha, ngakhale kosokonezeka bwanji, kangathe kuphwanyidwa m'zigawo zosavuta, ndipo chigawo chilichonse chimazilala pa liwiro lakelake osasintha maonekedwe ake. Zigawo zoterezi n'zachibale ndi zithunzi za mchenga wa Chladni, ngakhale kuti masamu a mbale yonjenjemera ndi ovutirapo. Mu 1904 David Hilbert wa ku Göttingen adayamba kuzitchula ndi mawu a Chijeremani akuti eigen, otanthauza chakechake cha chinthu. Kuchokera pamenepo padabadwa dzina lakuti eigenfunction, lomwe akatswiri amagwiritsa ntchito lero. Maonekedwe alionse ali ndi ma eigenfunction akeake, monga momwe ng'oma iliyonse ilili ndi maliwu akeake.

Chifukwa chake yachiwiri ndiyo yofunika

Tiyeni tione waya wowongoka wokutidwa bwino kuti kutentha kusatuluke. Eigenfunction yoyamba ndi kufunda kofanana ponseponse. Imeneyi sizilala konse, chifukwa kutentha kulibe kothawira. Yachiwiri ndi yakuti nsonga imodzi ndi yofunda, inayo yozizira, ndipo kutentha kumatsika pang'onopang'ono kuchoka uku kupita uko. Yachitatu ndi yakuti nsonga zonse ziwiri n'zofunda pakati pali pozizira, kapena mosinthanitsa. Zotsatira zake zimanka zichulukira mapiri ndi zigwa.

Liwiro la kuzilala kwake limatsata manambala 1, 4, 9, 16, kumangopitirira choncho. Ndiye kuti pa nthawi yomwe eigenfunction yachiwiri yatsika kufika theka, yachitatu yatsala gawo limodzi mwa magawo 16, yachinayi gawo limodzi mwa magawo 512. Tikadikira pang'ono, zonse zapamwambazi zimakhala ngati kulibe. Chotsala ndi kufunda kofanana kuja, kuphatikizapo kachidutswa ka eigenfunction yachiwiri. Choncho malo ofunda kwambiri pa waya amasendera komwe eigenfunction yachiwiri ili pamwamba penipeni, ndipo kumeneko ndi kunsonga.

Pali chosiyako chimodzi. Munthu akatenthetsa pakati penipeni pa waya mosakondera mbali iliyonse, eigenfunction yachiwiri sikhalamo m'kagawidweko, ndipo pakatipo pamakhalabe pofunda mpaka mapeto. Koma kulingana kotere n'kwa apo ndi apo. Kukangopendekeka pang'ono chabe, yachiwiri ija imalowamo ndipo m'kupita kwa nthawi ndiyo imalamulira. N'chifukwa chake funso la Rauch limanenedwa mwachidule motere: kodi eigenfunction yachiwiri ya chitsulo chokutidwa m'mphepete imafika pamwamba pake ndi pansi pake m'mphepetemo nthawi zonse?

Pa maonekedwe ochepa omwe masamu ake amatheka ndi pensulo, yankho ndi inde. Pa chitsulo chonga chitseko, kutentha kumatsata utali wake, ndipo mbali ziwiri zazifupi ndizo zimakhala yofunda ndi yozizira. Pa chitsulo chozungulira ngati chivundikiro cha poto, malo ofunda ndi ozizira amakhala m'mphepete moyang'anizana. Pa makona atatu a mbali zofanana, omwe Gabriel Lamé wa ku France adawerengera m'zaka za m'ma 1800, yankho ndi lomwelo.

Ng'oma ndi thanki ya madzi

Kuti tione kulemera kwa funsoli, tiliyerekeze ndi mnzake. Chikopa cha ng'oma chimakhomedwa m'mphepete, choncho mphepetemo simugwedezeka. Masamu ake ndi ofanana ndi a chitsulo chomwe m'mphepete mwake mwakhudzana ndi madzi oundana nthawi zonse. Akatswiri amatchula mkhalidwe umenewu ndi dzina la Dirichlet, pomwe wa mphepete wokutidwa uja amautchula ndi dzina la Carl Neumann. Pa ng'oma palibe mkangano: ikalira liwu lake lotsikitsitsa, malo ogwedezeka kwambiri amakhala m'kati, popeza m'mphepete mudamangika. Mafunso a ng'oma adayamba kuyankhidwa kale. Lord Rayleigh adanena mu 1877 kuti mwa ng'oma zonse za chikopa chachikulu mofanana, yozungulira ndiyo imalira motsika kwambiri, ndipo Georg Faber mu 1923 ndi Edgar Krahn mu 1925 adapereka umboni wake. Mu 1976 zotsatira za Herm Jan Brascamp ndi Elliott Lieb zidaonetsa kuti pa ng'oma yosapindikira m'kati, liwu lotsikitsitsalo lili ndi phiri limodzi lokha.

Mkhalidwe wa Neumann umaoneka bwino m'madzi. Thanki ya makoma owongoka ndi pansi pafulati ikagwedezeka, madzi amayamba kukhavukira uku ndi uko, ndipo maonekedwe a pamwamba pa madziwo pa kukhavuka kwapang'onopang'ono kuposa konse ndi eigenfunction yachiwiri yomwe ija. Funso la Rauch likatembenuzidwa limakhala lakuti: kodi madziwo amakwera kwambiri pakhoma nthawi zonse? Ngakhale nyanja zimachita zofananako. François-Alphonse Forel, yemwe adafufuza nyanja ya Geneva kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, adayeza kukhavuka kwa nyanja yonseyo kuchoka kumapeto ena kupita kwina, kotenga mphindi pafupifupi 73.

Nanga chovuta chili pati? Pali lamulo lakale lonena za kutentha komwe kwakhazikika, kosasinthanso. Pamenepo malo alionse amalingana ndendende ndi anansi ake tikawaphatikiza, ndiye sipangakhale phiri pakati, chifukwa pansonga pa phiri pamaposa anansi onse. Koma eigenfunction yachiwiri ikadali kuzilala. Malo ake ofunda onse amaposa anansi awo pang'ono, n'chifukwa chake akuzizira. Phiri la pakati siliphwanya lamulo lililonse la pamalopo. Ngati chilipo choliletsa, chiyenera kuchokera ku maonekedwe a chitsulo chonse, ndipo zotere n'zovuta kuzigwira.

Kuyenda kwa kamwazi

Ganizo la Rauch lidayenda pakamwa kwa zaka zingapo. Mu 1985 Bernhard Kawohl wa ku Germany adalilemba m'buku lake, adalitsimikiza pa zinthu zonga paipi yodulidwa mowongoka, ndipo adaloza kuti malo oyenera kuliyembekezera ndi maonekedwe omwe akatswiri amati convex. Awa ndi maonekedwe osapindikira m'kati: mukasankha malo awiri alionse, mzere wowongoka wowalumikiza sutuluka kunja. Dzira ndi lotero, makona atatu ndi otero. Nyemba si yotero, mwezi wongooneka kumene si wotero.

Chida chomwe chidatsegula njira chidachokera kutali. Mu 1827 Robert Brown, katswiri wa zomera wa ku Scotland, adaona pa makina okuzira zinthu kuti tizidutswa totuluka mu mungu wa maluwa tinkanjenjemera m'madzi mosalekeza. Albert Einstein adafotokoza mu 1905 kuti tikugundidwa ndi mamolekyu a madzi, ndipo Norbert Wiener adaika kuyenda kosalongosokaku m'masamu okhwima mu 1923. Kudapezeka kuti kuyenda kotere ndi kufalikira kwa kutentha ndi nkhani imodzi. Mukafuna kudziwa kutentha kwa malo ena patapita ola, tulutsani tiziwanthu tambirimbiri pamalopo, kalikonse kaziyenda mwakamwazi ngati woledzera, kakagunda khoma kazibwerera m'kati. Ola likatha, funsani kalikonse kuti pomwe kaima padali potentha bwanji poyamba paja. Mukaphatikiza mayankho onse n'kugawa mofanana, mwapeza kutentha komwe mumafuna.

Rodrigo Bañuelos, wobadwira ku Mexico ndipo ankaphunzitsa pa yunivesite ya Purdue, ndi Krzysztof Burdzy, wa ku Poland wophunzitsa ku Seattle, adagwiritsa ntchito mfundo imeneyi m'zolemba zawo za mu 1999. Adati titulutse oyenda awiri, wina kumanzere wina kumanja, koma tiwamange kuti aziponya mapazi mofanana: uyu akapita kumpoto, uyonso kumpoto. Amasiyana pokhapokha wina akagunda khoma n'kukankhidwa. Ngati makoma aima mwakuti kukankhako sikungachititse wakumanzere kudutsa wakumanja, ndiye kuti chitsulo chomwe chidayamba chofunda kumanja chidzakhalabe chofunda kumanja mpaka kale, ndipo kutentha kudzanka kukwera kuchoka kumanzere kufika kumapeto a kumanja. Phiri la pakati silingapezeke. Mwa njira iyi adatsimikiza ganizo la Rauch pa makona atatu okhala ndi ngodya imodzi yoposa madigiri 90, ndi pa maonekedwe ena aataliatali.

Ena adatsatira. David Jerison ndi Nikolai Nadirashvili adalitsimikiza mu 2000 pa maonekedwe osapindikira m'kati omwe amalingana mukawapinda chamutali komanso chamulifupi. Mihai Pascu adawonjezerapo mu 2002 pa ena olingana mbali imodzi yokha. Mu 2004 Rami Atar ndi Burdzy adalitsimikiza pa maonekedwe onga milomo yotsekedwa, omwe mphepete yake ya pamwamba ndi ya pansi sipendekeka kuposa madigiri 45.

Chitsulo cha mabowo awiri

Chaka chomwecho cha 1999, Burdzy yemweyo pamodzi ndi Wendelin Werner wa ku France adasindikiza m'magazini ya Annals of Mathematics chinthu chomwe chidasintha nkhani yonse. Adapanga chitsulo cha mabowo awiri chomwe malo ake ofunda kwambiri amakhala m'kati, osati m'mphepete. Ganizo la Rauch, monga lidanenedwera pa maonekedwe alionse, lidagwa patatha zaka 25.

Nzeru yake tingaimve motere. Ganizirani chipinda chofunda chokhala ndi khomo limodzi lopapatiza lotulukira kumalo ozizira. Kutentha kudzatsalira kukhoma lakutali ndi khomolo, monga Rauch adanenera. Tsopano chipindacho chikhale ngati nyenyezi, ndipo kunsonga kwa mwendo uliwonse kukhale kanjira kopapatiza kotulukira kumalo ozizira amodzi omwewo. Woyenda mwakamwazi woyambira pakhoma ali pafupiko ndi khomo lina, pomwe woyambira pakati ali kutali ndi makomo onse. Iyeyo ndiye amachedwa kutuluka, ndipo pakatipo ndipo kutentha kumatsalira. Mabowo amafunika chifukwa njira zingapo zochoka malo amodzi n'kukakumananso kwina zimasiya mipata pakati pake. Mwambi wa nyumba ya kumapeto kwa mudzi uja sudali wabodza, koma udaiwala kuti mudzi wokhala ndi misewu yolowera mbali zonse, nyumba yakutali ndi misewu yonseyo ingathe kukhala ya pakati.

Mu 2000 Richard Bass ndi Burdzy adapanga chitsulo china chomwe malo ofunda ndi ozizira omwe ali m'kati. Mu 2005 Burdzy adaonetsa kuti bowo limodzi lokha n'lokwanira. Werner adadzalandira mendulo ya Fields mu 2006 chifukwa cha ntchito zake zina zokhudza kuyenda kosalongosoka pamalo afulati. Ganizo lija lidachepetsedwa n'kutsala m'mbali ziwiri: kuti ndi loona pa chitsulo chafulati chilichonse chopanda bowo, ndiponso kuti ndi loona pa chinthu chilichonse chosapindikira m'kati, kaya chafulati, chokhala ndi msinkhu, kapena cha miyeso yoposa pamenepo.

Makona atatu

Chodabwitsa n'chakuti maonekedwe omwe mwana wa pulayimale amajambula ndi rula adakana kugonja. Makona atatu okhala ndi ngodya yotambasuka adatheka mu 1999. Koma ngodya zonse zitatu zikakhala zochepera madigiri 90, simungawatembenuze mwanjira iliyonse kuti mbali zake zonse zipendekeke mosaposa madigiri 45, ndipo oyenda awiri aja angathe kudutsana. Chinanso, makona atatu a mbali zofanana ali ndi ma eigenfunction awiri ozilala pa liwiro limodzi, choncho pa makona atatu oyandikira ku amenewa, kusintha pang'ono kwa ngodya kumatembenuza kolowera kutentha.

Mu 2009 Timothy Gowers wa ku Cambridge adayambitsa ntchito yotchedwa Polymath, yoti akatswiri ambiri azilimbana ndi funso limodzi poyera pa intaneti, aliyense kuponyapo kanzeru kake ngakhale kosapsa. Mutu umodzi susenza denga. Mu 2012 Chris Evans adapempha kuti funso la makona atatu litengedwe, ndipo lidakhala ntchito yachisanu ndi chiwiri ya Polymath, momwe Terence Tao adatengamo mbali yaikulu. Adawerengera zambiri pa kompyuta, adapeza zidutswa za umboni, adaloza komwe malo ofunda ndi ozizira ayenera kukhala, koma dengalo silidafike pa nyumba. Yasuhito Miyamoto wa ku Japan adathana ndi makona atatu a mbali ziwiri zofanana, ndipo Bartłomiej Siudeja adathana ndi ena okhala ndi ngodya imodzi yaing'ono.

Umboni wa makona atatu onse udabwera ndi Chris Judge wa ku yunivesite ya Indiana ndi Sugata Mondal, ndipo udasindikizidwa mu Annals of Mathematics mu 2020. Njira yawo idali yosuntha. Amatenga makona atatu ovutawo n'kumawasintha pang'onopang'ono mpaka asanduke ena omwe yankho lake likudziwika kale, uku akuyang'anira malo onse pomwe kutentha kwaima chilili, kosakwera kapena kutsika mbali iliyonse. Phiri la pakati likadakhalapo poyamba, likadayenera kuzimirira penapake m'njiramo, ndipo iwo adafufuza njira zonse zomwe malo otere angabadwire kapena kufera n'kuzitseka. Patapezeka malo ofooka mu umboniwo, adaukonza m'zolemba zina za mu 2022, ndipo mfundo yaikulu idaima: pa makona atatu alionse, malo ofunda ndi ozizira kwambiri amakhala pa ngodya. Pambuyo pake Hongbin Chen, Changfeng Gui ndi Ruofei Yao adamaliza chithunzicho potsimikiza kuti ngodyazo ndi za kumapeto kwa mbali yaitali kuposa zonse.

Kuchokera pa msonkhano wa ku Tulane kufika pa umboni wa makona atatu padapita zaka 46. Yankho lake aliyense ankalidziwa, kompyuta inkalionetsa poyera. Koma chitsulo cha mabowo awiri chidali chitaphunzitsa kale akatswiri kuti pa funso ili maso ndi nzeru zachibadwa zingathe kunamiza.

Likagwa, limagwa motani?

Funso lina lidabadwa kuchokera pa kugwa kuja. Ngati m'kati mungafunde kuposa m'mphepete, mungapose ndi zingati? Pano kufunda kumayezedwa kuyambira pa mlingo womwe chitsulo chonse chidzafike pomaliza. Mu 2021 Andreas Kleefeld wa ku Jülich adawerengera pa kompyuta zitsulo zosavuta za bowo limodzi n'kupeza kuti ganizo la Rauch limagwadi, koma kusiyana kwake kunkangofika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000. Stefan Steinerberger adatsimikiza kuti pa maonekedwe alionse, m'kati simungapose m'mphepete koposa ka 60. Phanuel Mariano, Hugo Panzo ndi Jing Wang adatsitsa malirewo kufika pa 5.1043 pa zitsulo zafulati, ndipo adaonetsa kuti miyeso ikamachuluka malirewo amatsikira cha ku 1.65. Steinerberger adaonetsanso kuti pa chitsulo chachitali chosapindikira m'kati, malo ofunda sangatalikirane ndi nsonga zake kuposa kangapo ka mulifupi mwake.

Kenaka mu Disembala 2024 mbali yachiwiri ya ganizo lochepetsedwa lija idagwa. Jaume de Dios Pont, yemwe adali ku ETH mumzinda wa Zürich, adaonetsa kuti m'miyeso yambiri zedi muli zinthu zosapindikira m'kati, zopanda bowo ngakhale limodzi, zomwe malo ake ofunda kwambiri ali m'kati. Ife timadziwa miyeso itatu, utali, mulifupi ndi msinkhu, koma masamu amalola miyeso mazanamazana, ndipo ofufuza amakumana nayo akamasanthula zinthu zoyezedwa m'njira zambiri nthawi imodzi. M'miyeso yotere zinthu zimachita mosazolowereka: pafupifupi mkati monse mwa mpira mumaunjikana pafupi ndi khungu lake. De Dios Pont adagwiritsa ntchito miyeso yowonjezerayo kuti chinthu chikhale cholemera pena ndi chopepuka pena, n'kuchita ntchito yomwe mabowo ankachita pa chitsulo chafulati. Mu 2025 iye pamodzi ndi Alexander Hsu ndi Mitchell Taylor adapeza malire enieni a kuposana kuja pa muyeso uliwonse, n'kutsimikiza kuti nambala ya 1.65 ija ndiyo yeniyeni miyeso ikamanka ichuluka.

Nkhaniyi ili ndi mphukira kunja kwa zitsulo. Mu 1973 Miroslav Fiedler wa ku Prague adafufuza chinthu chofanana ndi eigenfunction yachiwiri pa maukonde a mfundo zolumikizana, monga matauni ndi misewu yake. Lero akatswiri a makompyuta amachigwiritsa ntchito pogawa ukonde waukulu m'magulu awiri ndi posanja mfundo zake mundondomeko, poyembekezera kuti mfundo za nambala yaikulu ndi yaing'ono kwambiri zidzakhala kumalekezero a ukondewo. Chiyembekezo chimenecho ndi ganizo la Rauch m'chovala china, ndipo nachonso chili ndi malire. Evans yemwe uja, asanapite ku Polymath, adali atapanga ukonde wonga mtengo womwe nambala yake yaikulu siili pa nsonga ziwiri zotalikirana kwambiri.

Chomwe chatsala

Lero tikudziwa kuti ganizo la Rauch ndi loona pa waya, pa chitseko, pa chivundikiro cha poto, pa makona atatu onse, pa maonekedwe onga milomo ndi pa ambiri olingana mbali zake. Tikudziwa kuti ndi labodza pa zitsulo zina za mabowo, ndi pa zinthu zina zosapindikira m'kati za miyeso yochuluka. Pakati pa ziwirizi patsala funso lomwe lili pafupi kwambiri ndi zomwe Rauch adafotokoza: chitsulo chafulati chopanda bowo, ngakhale chosapindikira m'kati chomwe, cha maonekedwe osasankhika.

Umboni uliwonse womwe wapezeka udatsamira pa china chapadera cha maonekedwe ake. Wa oyenda awiri umafuna makoma osapendekeka kwambiri. Wa Jerison ndi Nadirashvili umafuna kulingana kwa mbali. Wa Judge ndi Mondal umafuna mbali zowongoka zowerengeka. Zotsatira za de Dios Pont zaonetsanso kuti kusapindikira m'kati pakokha si chifukwa chokwanira, popeza m'miyeso yambiri sikuteteza kanthu. Ngati ganizoli lili loona pa zitsulo zafulati zopanda bowo, chifukwa chake chiyenera kukhala china chopezeka m'miyeso iwiri yokha, mwina chakuti pamalo afulati mzere wochoka m'mphepete kukafika m'mphepete mwina umagawa chitsulo pawiri, zomwe mzere sungachite m'kati mwa mpira. Amene adzapeze umboniwo adzayenera kunena chifukwa chimenecho momveka. Ngati kulibe, ndiye kuti penapake pali chidutswa cha lata chopanda bowo chomwe chimasunga kutentha kwake pakati, ndipo palibe amene wachijambula.